Namwino ndi ndani kwenikweni? Za mkalasi ndi zomwe ndaona kuwodi sizikugwirizana

NesiWamawa:

Moni nonse muno. Ine ndine wa chaka choyamba ku koleji ina ya unamwino ndi uzamba, dzina ndisatchule kaye kkk. Atipatsa asayimenti yoti tilembe masamba atatu pa mutu woti filosofi yanga ya unamwino, ndiye pepala langa lidakali loyera mbee lero ndi tsiku lachinayi, chifukwa chilichonse chomwe ndikulemba ndikumaona ngati ndikunama.

Nkhani yake ndi iyi. Mkalasi atiphunzitsa za Virginia Henderson, mayi wa ku America uja, yemwe ankati ntchito yeniyeni ya namwino ndi kumuthandiza munthu pa zinthu zimene akanadzichitira yekha akanakhala ndi mphamvu, mtima wofuna kapena nzeru zake, mpaka adzayambenso kudzichitira yekha, kapena ngati zakanika amwalire mwamtendere. Pali zosowa 14 za munthu zomwe taloweza pamtima ngati ndakatulo ya ku pulayimale, kupuma, kudya ndi kumwa, kupita kuchimbudzi, kugona, kuvala, kusamba, kupemphera ndi zina zotero. Zokoma kumva kwake ndithu, ine mpaka ndinazilemba ndi cholembera chofiira.

Koma mwezi wathawu tinapita kuwodi koyamba, wodi ya abambo, masabata anayi. Abale inu, pa zinthu 14 zija pafupifupi zonse amachita ndi magadiyani. Wosambitsa wodwala ndi mkazi wake, womwetsa phala ndi mlongo wake, wokataya zoipa kuchimbudzi ndi mwana wake, wochapa zofunda ndi iwo omwewo. Anamwino anali awiri okha pa shifiti, wina ali ndi katirole ka mankhwala kuyambira bedi 1 mpaka kukafika kwa amene agona pansi, winayo akuthamanga ndi makanyula, madiripi, kutenga magazi, kulemba mafayilo, kulandira odwala atsopano, uku foni ikulira. Tsiku lina ndinati ndiwasambitse bambo ena a sitiroko monga tinaphunzirira pa chidole chija kusukulu, ndatenga beseni langa ndi thawulo bwinobwino, akazi awo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawalanda banja, nkunena kuti mwana wanga zisiyeni izi ine ndilipo, inu kabweretseni mankhwala. Ndinabwerera ndi beseni langa manyazi atandigwira.

Ndiye funso langa ndi ili, ngati ntchito imene mabuku amati ndi ya namwino akugwira ndi gadiyani, ndipo imene namwino akugwira ndi ija adokotala alemba pafayilo, ndiye namwinoyo ndi ndani? Ndi wantchito wa dokotala? Kapena ndi kadokotala kakang'ono ka malipiro ochepa? Akuluakulu amene mwakhalitsa mu ntchitoyi ndithandizeni chonde, koma osati zokopera m'buku, zimenezo ndili nazo kale.

MayiWaKaunjika:

Ine sindine namwino, ndimagulitsa kaunjika, koma chaka chatha ndinakhala gadiyani wa mayi anga pafupifupi miyezi iwiri ndiye ndiloleni ndiponyepo mawu anga.

Choyamba mayi amene anakubwezani ndi beseni aja musawaone ngati amwano, inenso ndikanakubwezani. Mayi anga sanavulepo pamaso pa munthu wachilendo chibadwire, ndiye kamtsikana ka zaka 20 kabwere kadzawavule pawodi yoti makatani ake ndi ong'ambika? Ayi. Zimenezo ndi zathu.

Koma mu wodi imene anagonekedwa mayi anga munali anesi awiri amene sindidzawaiwala. Woyamba, diripi inatha usiku magazi nkuyamba kukwera mu kapaipi kaja, ine mantha, ndinapita kukagogoda, anatsegula chitseko pang'ono nkunena kuti kodi mukuganiza kuti wodwala muno ndi wanu yekha? Ndinabwerera ndikulira ine munthu wamkulu wa ana anayi. Mwina anali atatopa, kaya, koma mawu amenewo ndikadali nawo mpaka lero.

Wachiwiriyo nayenso sanawasambitsepo mayi anga olo tsiku limodzi. Koma anandiitana nkundiuza kuti amayi bwerani muone, anandionetsa pachidendene, pa fupa la m'chiuno ndi kumunsi kwa msana, nkunena kuti zilonda zimayambira apa, mukaona pafiira kapena pada kusiyana ndi khungu lina mundiuze, ndipo muziwatembenuza pakatha maola awiri alionse ngakhale usiku, chitenje mupinde muike pakati pa mawondo. Anandiletsanso kuwamwetsa phala ali chigonere, akuti limatha kulowera ku mapapo nkuyambitsa chibayo, ndiziwadzutsa kaye atsamire. Ine zimenezo ndikanazidziwira kuti? Tsiku lina cha m'ma 2 koloko usiku anadutsa ndi tochi ya foni, anaima pa bedi pathu osayankhula kanthu akungowayang'ana pachifuwa, kenako anawagwira padzanja, nkupita kukadzutsa a kiliniko ofesa. Ine ndinali pompo pamphasa maso ali gwa, sindinaone chilichonse chachilendo, ndimangoti agona. Anawaika pa okosijeni usiku womwewo.

Ndiye ine zafilosofizo sindizidziwa koma kwa ine namwino ndi wachiwiriyu.

AgogoNesi:

Mwana wanga, mdzukulu wanga ndi amene wandionetsa funso lakoli ndipo ndalemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, ndiye upirire kutalika kwake.

Ine ndinayamba ntchito nthawi ya Kamuzu, tikuvala kachipewa koyera kolimbitsa ndi sitachi, a Matroni akamadutsa mumaimirira ngati asilikali. Funso lakoli si lachilendo, ifenso tinkafunsana ku hositelo, kungoti ife tinalibe pofunsira ngati pano.

Ndiyambe ndi Florence Nightingale amene mumamuyatsira makandulo pa 12 May paja. Anthu amangokumbukira nyali basi, ngati kuti mayiyo ankangoyendayenda usiku akumwetulira odwala. Pamene anapita ku Scutari, m'dziko la Turkey, mu 1854 ndi anamwino 38 nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, anapeza kuti asilikali ambiri sakufa ndi zipolopolo ayi, akufa ndi kolera, kamwazi ndi matenda ena obwera ndi uve m'chipatala momwemo. Ndiye iye anali munthu wowerengera, ankalemba manambala a anthu akufa ndi chimene chawapha, nkumalimbana nawo akuluakulu a boma ndi a asilikali ndi manambala omwewo kufikira atamva. Sukulu yake ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London anaitsegula mu 1860. Nyali ija inali younikira kuti aone bwino, ndipo kuona kumeneko ndiye ntchito imene gadiyani sangakulande ngakhale atawakonda bwanji m'bale wake. Wamva zomwe anena mayi a kaunjikawo, anali pamphasa pompo koma sanaone.

Ndikuuze za usiku wina ndili ku mateniti pa chipatala china cha mishoni. Mayi anachira bwinobwino cha m'ma 11, mwana wachisanu ndi chimodzi, mwana akuyamwa, apongozi ake akululutira panja. Nditamaliza kulemba ndinadutsanso pa bedi pake, anandiuza akuseka kuti asisita ndikumva ludzu ndi kachizungulire pang'ono. Ndinamugwira padzanja, mtima ukuthamanga koma mofooka ngati kaulusi, dzanja lozizira la thukuta. Nditavundukula chitenje ndinapeza wagona m'chithaphwi cha magazi iye mwini osadziwa, chiberekero chili lende osalimba. Dokotala anali kunyumba kwake kuseri kwa tchalitchi. Ndinatuma mlonda athamange, ine nkuyamba kutikita chiberekero, kumuchotsa mkodzo, kumubaya ergometrine, mankhwala olimbitsa chiberekero amene tinkagwiritsa ntchito masiku amenewo, kuika diripi ndi dzanja likunjenjemera. Mmene dokotala amafika atavala jekete pamwamba pa zogonera, magazi anali atasiya. Palibe amene anandilembera pafayilo kuti kavundukule chitenje. Kuona maso a nkhono nkudekha mwana wanga, ndipo anzako ambiri masiku ano amayeza BP nkulemba nambala osamuyang'ana munthuyo kumaso.

Tsono za magadiyani. Usadane nawo ndipo usachite nawo mpikisano, popanda iwo zipatala zathu zikhoza kutsekedwa mawa lomwe. Koma udziwe kuti ntchito ukhoza kugawira wina, mlandu sungagawe. Gadiyani akamwetsa phala wodwala wa sitiroko nkutsamwa, wolakwa si gadiyani, ndi iwe amene sunamuyeze ngati akutha kumeza ndipo sunamuphunzitse womwetsayo. Wodwala akatuluka ndi chilonda cha pamsana chimene sanabwere nacho, chilondacho ndi chako. Bambo a sitiroko aja ukanangonena kuti chabwino mayi asambitseni ndinu, ine ndigwire mbali inayi tithandizane kuwatembenuza, ukanaona khungu lonse la kumsana popanda kulanda banja la munthu.

Chinanso, inu ana a lero mwapeza ma ARV alipo. Ife zaka za m'ma 1990 tinkalowa m'wodi yodzaza ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wako, owonda, otsekula m'mimba osaleka, mkamwa muli zilonda zoyera, ndipo panalibe choti dokotala alembe choti chiwachiritse, mankhwala aulere aja anadzayamba mu 2004. Dokotala ankadutsa pa raundi nkugwedeza mutu nkumapita. Otsala tinali ife, kupaka mankhwala a zilonda aja a GV mkamwa kuti munthu athe kumeza madzi, kusintha zofunda, kukhala pambali pa amene abale ake amuthawa, kumutseka maso ndi kumumanga chibwano akatsirizika. Mawu a Henderson akuti kumwalira mwamtendere aja ine ndinawamvetsa zaka zimenezo osati mkalasi. Amzathu ena amene tinkagwira nawo ntchito tinawasamaliranso pa mabedi omwewo.

Ndisadziyeretse. Ndinamumenyapo mayi wina mbama pantchafu ali mu leba chifukwa ankatseka miyendo mutu wa mwana utafika, ndipo nthawi imeneyo tinkati tikupulumutsa mwana, akuluakulu athu anatiphunzitsa choncho. Mwana anabadwa wamoyo inde, koma mayiyo mimba yotsatira anakachilira kumudzi kwa azamba, ndinamva kwa mnzake kuti ankati kuchipatala amamenya. Zinthu zimenezi zimandibwerera ndikamapemphera. Unamwino ndi maitanidwe, ukaulowa chifukwa unasowa kolowera udzazunza anthu.

NMT_wakumudzi:

Amayi mwalankhula, ife tingowonjezera ndi ulemu.

Mlongo wanga, iwe ukudandaula kuti namwino akugwira zolembedwa ndi dokotala, bwera kuno ku health centre uone komwe dokotalayo kulibe nkomwe kkkk. Ine ndine nurse midwife technician, zaka zitatu za sukulu ku koleji ya mishoni ya CHAM, ndipo pano tilipo anamwino awiri ndi medical assistant mmodzi. Iyeyo akapita ku boma ku workshop, ine ndi amene ndimaona odwala a malungo m'mawa, ndikachoka apo sikelo ya amayi oyembekezera, kenako zakulera kuika ma implant pamkono, Lachitatu kiliniki ya ma ARV, usiku akagogoda kunyumba ndiye kuti leba. Chiyambire Option B+ mu 2011, paja ndi Malawi amene anayamba zoti mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo osadikira kuyezedwa CD4 (chitetezo cha m'thupi), amene amamuyambitsa mayiyo kumudzi kuno ndi namwino, ndipo nzeru yonse ya pulogalamuyo inali yoti zitheke pa malo ngati ano opanda makina. Chosekesa nchoti poti ndine mwamuna aliyense amanditchula adokotala, pamene kutabwera mayi amene ndi dokotala weniweni kuchokera ku boma agogo ena anamuuza kuti anesi tandiitanireni adokotala aja, akunena ine.

Koma usatengeke nazo zimenezi, kutchedwa adokotala kumakoma ndipo anzathu ena kwawawononga, amayamba kuchita zinthu zoposa zomwe laisensi yawo ikulola. Nurses and Midwives Council of Malawi ilipo kuyambira 1966 ndipo si yongotolera ndalama za laisensi chaka ndi chaka ayi, zikavuta ndi iyo imakuitana, ndipo funso lawo loyamba ndi loti munalemba pati. Patogirafu, kapepala kolembapo mmene leba ikuyendera, ukaidzaza mwana atabadwa kale pongofuna kuti fayilo ioneke bwino, umadzinamiza wekha, chifukwa kapepala kaja ntchito yake ndi kukuuza nthawi ikadalipo kuti leba iyi yaima, itana ambulansi.

Ndipo mbali imene kusukulu anangoidutsa mwachangu koma kuno ndi theka la ntchito ndi kumuyankhulira wodwala. Mwezi wa February chaka china kunabwera mtsikana wa zaka 17, mimba yoyamba, miyendo yotupa, mutu ukumuwawa, BP ili kumwamba zedi. Ndinamubaya magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka, ndinadziwa kuti uyu ndi wa ku boma basi. Kuimba foni akuti ambulansi yapita kwina ndipo mafuta ndi ochepa. Kutembenuka kuno amayi ake akuti sitingapite amalume ake asanabwere, ndi eni mbumba, ali kudimba kutsidya. Ndiye iwe uli pakati, foni kukhutu ukukangana ndi a transport, uku ukunyengerera banja, uku ukuwerenga kapumidwe ka mtsikana ndi kuyang'ana mkodzo mu kathumba chifukwa mankhwala aja akachuluka amaletsa munthu kupuma. Ndinatuma HSA wathu, mlangizi wa zaumoyo, pa njinga kukawatenga amalumewo, ndinawakhazika pa benchi nkuwauza mwaulemu koma mosabisa kuti bambo, mwanayu akayamba kukomoka muno titaya anthu awiri. Anavula chipewa nkunena kuti pitani naye. Ambulansi inafika 4 koloko. Zonsezi palibe pamene zalembedwa kuti ndi ntchito ya dokotala kapena ya gadiyani.

Komanso za kusambitsa zija usaziiwale poganiza kuti gadiyani adzakhalapo nthawi zonse. Kolera wa 2022 mpaka 2023 uja, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mu tenti simunkaloledwa abale kulowa chisawawa. Mabedi aja obowola pakati, ndowa pansi ina pambali yosanziramo, fungo la klorini mpaka m'tsitsi, munthu akubwera maso atalowa mkati mitsempha yosaoneka iwe ukufunafuna poika diripi ya Ringer's. Wopukuta anali ife, womwetsa thanzi ORS kapu ndi kapu anali ife. Zonse 14 za Henderson wakoyo zinatibwerera tsiku limodzi.

KilinikoOfesa:

Ndalowa mwakachetechete poti mukutinena kkk. Ife si mabwana anu, aliyense ali ndi khansolo yake, ife ndi a Medical Council inu ndi a Nurses Council. Ine pa raundi wodwala ndimamuona mphindi zisanu, namwino amakhala naye usiku wonse, ndiye amene amadziwa kuti wasintha ndi ndani? Ndili mwana pantchito ndinalemba jakisoni wa gentamicin wa khanda nditawerengera sikelo yolakwika, asisita ena achikulire anabwera ndi fayilo nkundiuza pansipansi kuti achimwene tawerengeraninso apa, ine sindibaya izi. Ndinapsa mtima kwa mphindi imodzi kenako thukuta linatuluka nditaona. Koma nanunso muli ndi anzanu amene wodwala akutentha thupi 40 amangokhala nkumati adokotala sanalembe, osampukuta ndi madzi olo kutiimbira foni. Amenewo ndi amene amadzisandutsa okha antchito athu.

KutaliNdiKwathu:

Ndayamba ndawerenga zonse ndili pa break ya naiti kuno ku England, kunja kukuzizira koopsa. Amayi AgogoNesi ndakugwadirani, nkhani ya chitenje ija ndaiwerenga kawiri. Koma pa mawu amodzi okha mundikhululukire ndisiyane nanu pang'ono, akuti maitanidwe. Sindikukana kuti mtima umafunika. Vuto ndi loti mawu amenewa ndi amene akhala akutitsekera pakamwa zaka zonsezi, ukati malipiro achepa akuti paja ndi maitanidwe, ukati ndalama za lokamu (mashifiti owonjezera) miyezi isanu sizinabwere akuti maitanidwe, ukati magolovesi atha akuti maitanidwe. Loya kapena injiniya samuuza zimenezo. Ndi ntchito imene munthu anaiphunzira, ili ndi malamulo ake, ili ndi bungwe lake la NONM lomenyera ufulu, ndipo namwino amene wagwira naiti zisanu ndi ziwiri zotsatizana ali yekha ndi odwala 60 tsiku lina adzayankha ngati uja anayankha mayi a kaunjika. Sindikumuikira kumbuyo, analakwa, koma tisamangoyang'ana mtima wa munthu osayang'ana chimene chaufikitsa pamenepo. Kumbukirani kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ankachoka ngati mbalame kubwera kuno, mpaka boma ndi ma donor anachita kukhazikitsa pulogalamu yapadera ya 2004 mpaka 2010 yowonjezera malipiro ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa ophunzira m'makoleji. Anthu aja sanachoke chifukwa maitanidwe anatha.

Tsono kwa iwe mng'ono wanga. Kuno gadiyani kulibe, abale amabwera nthawi yoona odwala ndi maluwa nkumapita. Kusambitsa ndi kudyetsa amachita kwambiri ndi ma healthcare assistant, othandizira anamwino, ifenso timachita nawo, koma zikalakwika wofunsidwa ndi namwino, ndendende zomwe anena amayi zija. Chimene chinandivuta kuzolowera ndi kupempha chilolezo pa chilichonse, ngakhale kuyeza BP umayamba wadzitchula dzina, kufotokoza, nkufunsa ngati akulola, ndipo gogo wa zaka 90 akati sindikufuna mankhwala amenewa ndiye kuti sakufuna, umamufotokozera kuopsa kwake nkulemba, sungamukalipire. Pa mayeso a pulakitiko otchedwa OSCE olowera mu kaundula wa NMC, khansolo ya anamwino ya kuno, ukhoza kudziwa zonse koma ukaiwala kutsimikiza dzina la wodwala kapena kusamba m'manja zikhoza kukugwetsa. Ndipo pakatha zaka zitatu zilizonse umayenera kuonetsa maola 450 ogwira ntchito ndi maola 35 a maphunziro owonjezera kuti ukhalebe mu kaundula. Kuno aliponso anamwino amene anaphunzira mpaka kuloledwa kulemba mankhwala okha, zomwe achimwene a ku health centre aja akuchita kale tsiku ndi tsiku popanda wowawonjezera kanthu.

Koma usaganize kuti zonse nzabwino kuno. Ndakhalapo pambali pa gogo wina akutsirizika 3 koloko usiku popanda m'bale ngakhale mmodzi, mwana wake ali ku Australia pafoni, ndinamugwira dzanja ndikukumbukira mmene kwathu wodi imadzadzira ndi azimayi atakhala pansi mwakachetechete kudikira. Ndinalakalaka gadiyani usiku umenewo. Ndiye mu asayimenti yakoyo usalembe ngati gadiyani ndi chilema cha chipatala chathu, Henderson ankalemba akuona zipatala za ku America, iwe lemba ukuona wodi imene unagwiramo.

Pa St Thomas' pomwe amayi atchulapo ndinapitapo, panja pake pali chiboliboli cha Mary Seacole, mayi wa ku Jamaica amene nayenso anasamalira asilikali ku Crimea pa ndalama zake, anachiika mu 2016. Ife kusukulu sanatiuzepo za iyeyu, kaya inu akukuuzani.

NesiWamawa:

Eeh zikomo kwambiri nonse, sindimayembekeza. Za Mary Seacole ayi sanatiuze, ndikamufufuza. Amayi AgogoNesi nkhani ya mbama ija yandikhudza chifukwa mnzanga amene anali ku leba anandiuza kuti zikuchitikabe ndipo iye anangoyang'ana kumbali poopa kuti amene akumenyayo ndi yemwe adzamusainire buku la mapulakitiko. Ndiye pamenepo wophunzira apange bwanji? Ine ndikuona ngati ndikanangokhalanso chete, ndisaname.

Tsamba loyamba ndalemba usiku uno, ndayambira pa beseni lija. Kaya a lekichala akazikonda poti iwo amafuna ma reference, ndiwaikira Henderson wawoyo kumapeto. Lolemba tikubwerera kuwodi, ulendo uno ya amayi.

AgogoNesi:

Mwana wa ku England wanena zoona, ndavomera, penshoni yangayi ndikaiona nanenso maitanidwe amandithera kkk.

Za mnzakoyo, asakangane ndi asisita pamaso pa wodwala, sizithandiza ndipo amene avutike ndi mayi ali pabediyo. Iye apite kumutu kwa bedi, amugwire mayiyo dzanja, azimuuza chimene chikuchitika ndi nthawi yoti akankhe, mayi amene akumva mawu a munthu mmodzi wodekha nthawi zambiri amatsegula yekha ndipo mbama imasowa pogwera. Akatuluka akawauze a clinical instructor ake, ndi ntchito yawo imeneyo, ndipo zipatala zambiri za boma pano zili ndi ombudsman, wolandira madandaulo wa pachipatala. Ine nthawi yanga kunalibe wondiuza kuti ndalakwa.

Lolembalo upite ndi wotchi ya singano ya masekondi, osati foni. Kapumidwe uziwerenga mphindi yathunthu, dzanja lako lili pa dzanja lake ngati ukuyeza mtima, chifukwa munthu akadziwa kuti ukumuwerenga kupuma amasintha.

MayiWaKaunjika:

Mawotchi ndilibe koma nsapato zoyera zafulati zofewa pansi ndatsegula belo dzulo, anesi amazikonda. Mumavala saizi chani mwana wanga?